Disiki ikakana kumaunta poyatsa Linux: pamene systemd imakodwa ndi mmene mungaimasulire

Kumaunta ndi kulumikiza disiki ku foda kuti mafayilo ake azioneka mmenemo. Vuto la disiki yokana kumaunta poyatsa limabwera mosiyanasiyana. Nthawi zina kompyuta imaima pa sikirini yakuda kwa mphindi imodzi ndi theka, ikuwerenga masekondi pambali pa mzere wakuti "A start job is running for /dev/disk/by-uuid/...", kenako n'kukugwetserani mu emergency mode, konso yokonzera mavuto imene imabwera kuyaka kukalephera. Nthawi zina imayaka bwinobwino, koma mukatsegula /mnt/data mumapeza muli pululu, pamene dzulo munali mafayilo. Palinso lina lozunguza mutu: mumamaunta disiki ndi dzanja, lamulo la mount silidandaula chilichonse, koma mukayang'ananso disikiyo yachoka kale. Anthu ambiri amathamangira kuimba mlandu disiki kapena chingwe. Kawirikawiri disiki imakhala ilibe mlandu. Chimene chalakwika n'chakuti zimene mwalemba mu /etc/fstab (fayilo ya mndandanda wa madisiki oti amauntidwe) ndi zimene systemd (pulogalamu yoyendetsa kuyaka kwa Linux) ikudziwa zasiyana, kapena zinthu zikuyamba mosatsata ndondomeko imene inu mumaganizira.

Funsani systemd, musafunse fstab

Pa Linux zambiri za masiku ano, systemd ndiyo imamaunta madisiki poyatsa. Fedora inayamba mu 2011, RHEL 7 mu 2014, Debian 8 ndi Ubuntu 15.04 mu 2015. Koma systemd siitsegula fstab nthawi iliyonse imene ikufuna kumaunta. Pali kapulogalamu kotchedwa systemd-fstab-generator kamene kamawerenga fayiloyi, n'kusandutsa mzere uliwonse kukhala unit yakeyake (kafayilo kouza systemd chochita), n'kuika ma unit amenewo mu /run/systemd/generator/. Kamagwira ntchitoyi poyatsa kompyuta, ndiponso systemd ikauzidwa kuti iwerengenso zonse. Mukasintha fstab masana n'kusiya pomwepo, systemd imapitirizabe kutsatira zimene inawerenga m'mawa.

Choncho musanakhudze china chilichonse, onani zimene iyo ikukhulupirira:

systemctl status /mnt/data
systemctl cat mnt-data.mount
journalctl -b -u mnt-data.mount

Lamulo lachiwirilo ndi lofunika kwambiri. Mzere wake woyamba umasonyeza kumene unit yachokera. Ukayamba ndi /run/systemd/generator/, ndiye kuti yachokera mu fstab. Ukayamba ndi /etc/systemd/system/, wina anailemba ndi dzanja, ndipo imeneyo ndi imene imapambana: mount point (foda imene disiki imamauntidwapo) imodzi ikalembedwa mu fstab komanso mu unit ya mu /etc, systemd imatsata ya mu /etc. Mungathe kusintha fstab tsiku lonse popanda chosintha. Unit imene ili pansi pa /usr yokha ndi imene imagonjera fstab.

Yerekezani What= ndi Options= zimene zaonekazo ndi mzere wanu wa mu fstab. Zikasiyana, mankhwala ake ndi awa:

systemctl daemon-reload

Apa mpamene pagona nkhani ya disiki yodzichotsa yokha ija. Tinene kuti mwachotsa disiki yakale, mwaika yatsopano, mwasintha UUID (nambala yozindikiritsa patishoni) mu fstab, n'kumaunta ndi dzanja. Unit imene systemd ikusunga idakali yomangirizidwa ku disiki yakale, imene kulibenso. Ikaona kuti /mnt/data yamauntidwa pamene disiki imene iyo ikuidziwa palibe, imaichotsa nthawi yomweyo. Mu journal (log ya systemd imene journalctl imaonetsa) mumapezamo mawu akuti "Unit is bound to inactive unit", otsatiridwa ndi dzina la disiki yakaleyo. Mitundu yatsopano ya systemd inasintha kamangidwe kameneka, ndipo mount ya masiku ano imakukumbutsani yokha kuti fstab yasintha, koma pa maseva akale vutoli likadalipo. Chitani daemon-reload, mauntaninso, basi.

Chenjezo limodzi: mount -a ikadutsa popanda vuto, sizitanthauza kuti kompyuta idzayaka bwino. Lamuloli limawerenga fstab palokha, pa nthawi imene madisiki onse aoneka kale ndipo netiweki ikugwira. Silidziwa kanthu za chimene chimayamba ndi chimene chimatsatira poyatsa. Poyesa mzere watsopano, gwiritsani ntchito findmnt --verify kuti muone zolakwika za kalembedwe, kenako daemon-reload, kenako systemctl start mnt-data.mount.

Masekondi 90 ndi emergency mode

Mzere uliwonse wa mu fstab wa disiki ya m'kompyuta umene ulibe noauto kapena nofail umakhala wofunika ku local-fs.target, sitepe ya kuyaka imene imafika madisiki a m'kompyuta akamauntidwa. Systemd imadikira disikiyo kwa masekondi 90. Ikapanda kuoneka, mumaona "Timed out waiting for device", kenako "Dependency failed for /mnt/data", kenako "Dependency failed for Local File Systems", ndipo kuyaka kumathera pomwepo. Disiki ya USB imene mwaiwala kulumikiza ndi yokwanira kugwetsa seva yonse.

Kuti mutulukemo, lembani pasiwedi ya root. Fstab ikakana kusungika chifukwa patishoni ya root ili yowerenga kokha, chitani mount -o remount,rw / kaye. Ikani # kumayambiriro kwa mzere wokayikitsawo, chitani daemon-reload, kenako systemctl default. Pa makompyuta amene akaunti ya root ndi yotsekedwa, mukhoza kukumana ndi uthenga wakuti "Cannot open access to console, the root account is locked", ndipo pamenepo palibe polowera. Yatsaninso kompyuta, pa menyu ya GRUB (yosankhira Linux yoti iyake) dinani e, pitani pa mzere woyamba ndi linux, onjezani fstab=no rw kumapeto kwake, n'kudina Ctrl+X. Zimenezi zimauza generator uja kuti asawerenge fstab ulendo umodzi wokhawu. Ngati /home ili pa patishoni yake, n'kutheka kuti siimauntika, choncho lowerani pa konso ya malemba ndi Ctrl+Alt+F3.

Mukalowa, fufuzani chifukwa chake disiki sinaoneke. Lamulo la lsblk -f limasonyeza UUID ya patishoni iliyonse. Zinthu zitatu ndi zimene zimapezeka kwambiri. Choyamba, mu fstab munalembedwa /dev/sdb1, koma mayina amenewa amaperekedwa motsata disiki imene yayamba kuoneka, ndiye lero sdb yasanduka sdc. Chachiwiri, patishoni inafomatidwanso. Kufomata kulikonse ndi mkfs kumapereka UUID yatsopano. Chachitatu sichidziwika msanga: disiki inakopedwa ndi dd, ndipo tsopano pali mapatishoni awiri a UUID imodzi, moti /dev/disk/by-uuid/ imaloza ina lero, ina mawa. Pa ext4 sinthani imodzi ndi tune2fs -U random, pa XFS ndi xfs_admin -U generate, patishoniyo isanamauntidwe.

Disiki imene kompyuta ingathe kuyaka popanda iyo ilembedwe motere:

UUID=3f1c9a52-7b0e-4d18-9c6a-2e5b8f40d7a1 /mnt/data ext4 defaults,nofail,x-systemd.device-timeout=10s 0 2

Nofail imachotsa emergency mode. Device-timeout imafupikitsa kudikira. Musaifupikitse mopitirira pa madisiki akuluakulu ozungulira kapena a m'bokosi la USB, chifukwa ena amatenga masekondi angapo kuti adzuke.

Msampha wa nofail

Malangizo ambiri amathera pa "ikani nofail", ndipo pamenepo mpamene pamayambira vuto lachiwiri. Nofail imachita zinthu ziwiri. Imauza systemd kuti disikiyo ikasowa palibe mlandu, komanso imachotsa lamulo lakuti disikiyo imauntidwe local-fs.target isanafike. Ndiye kuti ma service anu, mapulogalamu amene systemd imayambitsa, sadikiranso. Database, pulogalamu yosunga makope, Docker, zonsezi zikhoza kuyamba disiki isanakhale pamalo pake.

Zotsatira zake zimabwera mwakachetechete. Mount point ndi foda wamba. Disiki ikakhala kuti sinamauntidwe, pulogalamu imalemba mu foda yopanda kanthuyo, imene ili pa patishoni ya root. Disiki ikamauntidwa pambuyo pake, imaphimba mafayilo aja. Patapita masabata angapo root yadzaza tho, df ikunena 100%, koma du sikupeza chimene chadya malo, chifukwa mafayilowo abisala pansi pa disiki. Kuti muwaone:

mkdir /mnt/pansi
mount --bind / /mnt/pansi
du -sh /mnt/pansi/mnt/data

Bind yotereyi imasonyeza patishoni ya root yokha, popanda zimene zamauntidwa pamwamba pake. Mukapezamo magigabayiti, onani kaye ngati ali ofunika musanafufute, chifukwa mwina ndiwo makope okhawo a masiku amene disiki kunalibe.

Kukonza kwake kuli ku mbali ya service. Chitani systemctl edit backup.service n'kulembamo:

[Unit]
RequiresMountsFor=/mnt/data

Mzere umodzi umenewu umapatsa service zinthu ziwiri: imadikira disiki, ndipo disiki ikalephera, nayonso siyamba. After= payokha siikwanira, chifukwa imangonena chimene chiyambe; disiki ikalephera, service imapitirira ngati palibe chachitika. Onjezaninso loko wachiwiri. Disiki isanamauntidwe, chitani chattr +i /mnt/data pa foda yopanda kanthuyo. Kumaunta kumathekabe, koma disiki ikakhala palibe, ngakhale root sangalembemo, ndipo pulogalamu imalephera poyera m'malo modzaza root mobisa.

Mukalemba unit ndi dzanja

Kwa madisiki ambiri fstab ndi yokwanira, ndipo zolemba za systemd yeniyeniyo zimalimbikitsa anthu kugwiritsa ntchito fstab. Unit yolemba ndi dzanja imathandiza mukamafalitsa makonzedwe pa maseva ambiri, kapena pamene kudalirana kwa ma unit kwachuluka moti mzere umodzi sungakwane. Cholakwika chachikulu apa ndi dzina la fayilo. Service mungaitche dzina lililonse, koma mount unit iyenera kutenga dzina kuchokera ku mount point yake: / woyamba amachoka, otsalawo amasanduka -. Choncho /mnt/data ndi mnt-data.mount, /srv/www/files ndi srv-www-files.mount. Mukaitcha disiki.mount, status imasonyeza bad-setting ndipo journal imati "Where= setting doesn't match unit name. Refusing."

Nanga mount point ikakhala kale ndi - m'dzina lake? Kwa /mnt/backup-disk, dzina lakuti mnt-backup-disk.mount ndi lolakwika, chifukwa limatanthauza /mnt/backup/disk. Musalote, funsani:

systemd-escape -p --suffix=mount /mnt/backup-disk

Yankho lake ndi mnt-backup\x2ddisk.mount. Polilemba mu shell liikeni pakati pa ' ndi ', apo ayi shell imameza \ uja n'kukuuzani kuti unit kulibe. Ngati foda simunaipange, ingopewani - ndi mipata m'dzina lake, mudzapuma. Mkati mwa fayilo muzikhala motere:

[Unit]
Description=Disiki ya makope

[Mount]
What=/dev/disk/by-uuid/3f1c9a52-7b0e-4d18-9c6a-2e5b8f40d7a1
Where=/mnt/backup-disk
Type=ext4
Options=noatime,nofail
TimeoutSec=30

[Install]
WantedBy=multi-user.target

Pa What= lembani njira yonse ya /dev/disk/by-uuid/, kuti systemd ya mtundu uliwonse idziwe disiki yoti idikire. Where= isakhale symlink, imakanidwa. Foda ikakhala kulibe, systemd imaipanga yokha. Mukaiwala gawo la Install kapena systemctl enable, unit imagwira mukaiyambitsa ndi dzanja koma siimauntika poyatsa, ndipo palibe uthenga uliwonse wodandaula. Dziwaninso kuti x-systemd.device-timeout ndi x-systemd.mount-timeout zimamveka mu fstab mokha; mukazilemba pa Options= zimangonyalanyazidwa. Chizindikiro cha % pa What= kapena Options= chilembedwe kawiri, %%.

Madisiki a pa netiweki

Systemd imazindikira NFS ndi CIFS (njira zogawana mafoda pa netiweki) poona mtundu wake, n'kuziika pansi pa remote-fs.target, pambuyo pa network-online.target. Zimene siingazindikire ndi monga ext4 kapena XFS imene ili pa iSCSI (disiki yofikira kudzera pa netiweki): kwa iyo imeneyo ndi disiki wamba, ndipo imaidikira netiweki isanayambe n'komwe. Mzere wotere umafunika _netdev.

Ngakhale zitatero, network-online.target ilibe mphamvu payokha. Imadalira service ina yoti idikire mpaka adiresi ya IP itapezeka. Onani imene yayatsidwa:

systemctl is-enabled NetworkManager-wait-online.service systemd-networkd-wait-online.service

Iyenera kukhala yogwirizana ndi pulogalamu imene ikuyendetsadi netiweki pa kompyutayo. Zonse zikakhala zozimitsa, target imafika msanga, mount n'kulephera ndi "Network is unreachable". Mukayatsa ya networkd pa kompyuta yoyendetsedwa ndi NetworkManager, ikhoza kudikira pachabe mpaka masekondi 120. Pa laputopu pali chinanso: Wi-Fi imene pasiwedi yake imasungidwa mu akaunti ya munthu imalumikizika munthuyo akalowa, ndiye poyatsa netiweki kulibe, mudikire bwanji.

Njira yodalirika pa zonsezi ndi kusamaunta poyatsa, koma pa nthawi imene foda yafunidwa:

192.168.1.20:/export/share /mnt/share nfs defaults,x-systemd.automount,x-systemd.idle-timeout=600,x-systemd.mount-timeout=30 0 0

Pambuyo pa daemon-reload, chitani systemctl start mnt-share.automount. Lamulo la findmnt lidzasonyeza mtundu wa autofs pa fodayo mpaka wina ataitsegula. Musadabwe, ndi mmene ziyenera kukhalira. Pakapita masekondi 600 osaigwiritsa ntchito, imachotsedwa yokha. Mukalemba ma unit ndi dzanja, pamafunika mafayilo awiri a dzina limodzi, .mount ndi .automount, ndipo enable ichitike pa .automount yokha. Ngati share ikumangodzuka popanda amene waitsegula, journal imaulula wolakwa ndi mzere wakuti "Got automount request for /mnt/share, triggered by", wotsatiridwa ndi nambala ndi dzina la pulogalamu. Kawirikawiri imakhala yofufuza mafayilo kapena yoyang'anira malo a disiki. Kuipa kwa automount n'kwakuti seva ikazima, pulogalamu imene yakhudza fodayo imaima phee mpaka mount-timeout itatha, n'chifukwa chake nambala imeneyo siyenera kusiyidwa.

Pa CIFS, pasiwedi isalembedwe mu fstab, chifukwa aliyense wa pa kompyutayo angathe kuiwerenga. Ikani mu fayilo yapadera ya chmod 600 n'kuiloza ndi credentials=.

Vuto limene limabwera lero, mawa ayi

Kompyuta ikamayaka bwino ulendo wina, ulendo wina n'kusowa netiweki kapena service ina yosakhudzana n'komwe ndi disiki, fufuzani ichi:

journalctl -b | grep -i "ordering cycle"

Ndondomeko yake ili motere: madisiki a m'kompyuta amayamba, kenako local-fs.target, sysinit.target, basic.target, ndiyeno ma service wamba. Mukauza disiki ya m'kompyuta kuti idikire service wamba, mwachitsanzo ndi After= kapena x-systemd.requires=, mwapanga mkombero: disiki ikudikira service, service ikudikira basic.target, basic.target ikudikira disiki. Systemd imadula mkomberowo pochotsa ntchito imodzi, ndipo imalemba kuti "deleted to break ordering cycle". Imene yachotsedwa siikhala yomweyomweyo nthawi zonse, n'chifukwa chake zizindikiro zimasinthasintha.

Bind mount ndi imene imakola anthu ambiri apa. Mzere wa bind umene gwero lake lili mkati mwa share ya NFS umaoneka ngati wa m'kompyuta, choncho umaikidwa local-fs.target isanafike, pamene gwero lake likudikira netiweki. Onjezani _netdev pa mzere wa bind womwewo, ndipo udzasamukira ku remote-fs.target. Nofail nayonso imadula mkombero wotere, pa chifukwa chimene tachiona kale. Lamulo la systemctl show -p After -p Before mnt-data.mount limakuonetsani ndondomeko yonse imene unit ili nayo, kuphatikizapo imene simunalembe inu.

Status=32 ndi zina zing'onozing'ono

Mukaona "Mount process exited, code=exited, status=32", systemd yachita mbali yake. Yaitana mount, ndipo mount ndiyo yalephera. Tengani What=, Where=, Type= ndi Options= n'kuyesa ndi dzanja, kenako onani journalctl -k, chifukwa uthenga wakuti "wrong fs type, bad option, bad superblock" ndi wa zifukwa zambiri ndipo kernel ndiyo imatchula chenicheni. Pa NFS kapena CIFS, uthenga wa mount ukatchula za helper program, nthawi zambiri pakusowa phukusi: nfs-common pa Debian ndi Ubuntu, nfs-utils pa Fedora ndi RHEL, cifs-utils pa onsewa. Patishoni ya NTFS imene ikukana kapena ikumauntika yowerenga kokha nthawi zambiri inasiyidwa ndi Windows ili pa hibernation kapena Fast Startup; lowani mu Windows, zimitsani Fast Startup, n'kuizimitsa kompyuta bwinobwino. Mpata m'dzina la foda mu fstab umalembedwa \040.

Pochotsa disiki, "target is busy" imatanthauza kuti pali chimene chikuigwiritsabe ntchito. Lamulo la fuser -vm /mnt/data limatchula mapulogalamuwo, ndipo nthawi zambiri ndi shell yanu yomwe, imene mwaima nayo mu fodayo. Lamulo la umount -l limangobisa mount point pamene mafayilo akadali otsegula, choncho musasolole disiki mutangogwiritsa ntchito lamuloli.

Palinso anthu amene amathawa zonsezi polemba lamulo la mount mu ExecStart= ya service. Limagwira, log imati zatheka, koma mu shell foda ili pululu. Service imene ili ndi PrivateTmp=, ProtectSystem= kapena ProtectHome= imakhala ndi mount namespace yakeyake: imaona zimene kompyuta yamaunta, koma zimene iyo yamaunta sizituluka kunja. Kuti mutsimikize, tengani PID (nambala ya pulogalamu imene ikuyenda) ya service n'kuchita findmnt -N ndi nambalayo. Disiki mudzaipeza mmenemo. Ichotseni mu ExecStart=, ilembeni mu fstab kapena mu mount unit, ndipo service muipatse RequiresMountsFor= yoloza foda imeneyo.